Digiri ya masitazi ya za upandu iphunzitse munthu kukayikira ntchito yake yomwe

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku ndende ya Rahway m'boma la New Jersey ku America, akaidi amene anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse anayamba kulandira alendo a mtundu wina, omwe anali achinyamata oti ayamba kuba, kumenyana ndi kusowetsa mtendere makolo awo. Anawo ankawadutsitsa pa zitseko zachitsulo n'kuwakhazika pamzere m'chipinda chimodzi, ndipo kwa maola angapo akaidi aja ankawazazira pamaso penipeni, kuwavula nsapato, n'kumawafotokozera mosapsatira zimene zimamuchitikira mnyamata wofooka akangolowa m'ndende. Cholinga chinali chakuti anawo atuluke ali njenjenje, asadzayerekezenso kupalamula. Mu 1978 kunatuluka filimu yoonetsa zimenezi, inapata mphoto ya Oscar, ndipo madera ambiri anathamangira kutengera. Ndani akanatsutsa? Ganizoli linali lomveka, silinkafuna ndalama zambiri, ndipo makolo, apolisi ndi akaidi omwe ankalichitira umboni.

Amene anasokoneza chikondwererocho ndi James Finckenauer wa ku yunivesite ya Rutgers, yemwe anatsatira ana amene anapita ku Rahway n'kuwayerekeza ndi anzawo a khalidwe lofanana amene sanapiteko. Patatha miyezi 6, pafupifupi 41 mwa 100 alionse a gulu loopsezedwalo anali atapalamulanso, pamene m'gulu losapitako anali 11 okha. Ana amene anawerengedwa anali ochepa, n'zoona, koma akatswiri ena atasonkhanitsa zotsatira za mayeso ofanana nawo ochokera m'maboma angapo, anapezanso kuti kuopseza ana motere kumawonjezera upandu m'malo mouchepetsa.

Ndayambira pamenepa chifukwa anthu ambiri amafunsa ngati digiri ya masitazi kapena ya PhD pa za upandu ndi kayendetsedwe ka chilungamo, maphunziro amene amatchedwa criminology ndi criminal justice, ili ndi phindu, ndipo yankho langa lagona pa zimene Finckenauer anachita. Maphunzirowa ndi oyenera zaka ndi ndalama zimene amadya pokhapokha ngati amusandutsa wophunzira kukhala munthu wotha kuyang'ana ntchito imene iye mwini amaikhulupirira n'kufunsa kuti, "Kodi tikudziwa bwanji kuti zimenezi zikuthandiza?", komanso kumupatsa zida zoyankhira funsolo. Digiri imene imangomuwonjezera munthu mawu akuluakulu onenera zimene ankakhulupirira kale imandiopsa kuposa kusaphunzira, chifukwa cholakwa chake chija tsopano chavala mkanjo ndi chisoti, ndipo ochepa ndiwo angayerekeze kuchitsutsa.

Maphunzirowa anachokera ku akasupe awiri. Criminology inabadwa ndi funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu amapalamula ndiponso n'chifukwa chiyani timalanga momwe timalangiramu; kale mu 1764 Cesare Beccaria wa ku Milan anali atanena kuti chimene chimamuletsa munthu kulakwa si kukula kwa chilango, koma kudziwa kuti akalakwa sapulumuka. Criminal justice inabadwira pantchito penipeni, pamene August Vollmer, mkulu wa apolisi mumzinda wa Berkeley ku California, anaumirira kuti wapolisi ayenera kulowa m'kalasi ya ku yunivesite, ndipo kuyambira mu 1916 anayamba kuphunzitsa za upolisi pa yunivesite ya mumzindawo. Lero masukulu ambiri a ukachenjede amaphatikiza ziwirizi, moti m'chipinda chimodzi mumakhala apolisi, oyang'anira ndende, oimira boma pa milandu, alangizi a ana opalamula ndi achinyamata ongomaliza kumene digiri yoyamba. Ambiri mwa amene ali kale pantchito amabwera kuti akwezedwe, ndipo ine sindiwadzudzula, pakuti munthu amene wachezera usiku zaka 15 ali ndi ufulu wolakalaka nyenyezi ina paphewa. Vuto limayamba pamene sukulu yaona kuti anthu akufuna pepala, nayo n'kuyamba kugulitsa pepalalo. Imawabwerezera malamulo ndi ndondomeko zimene anaphunzira kale pamene ankalowa ntchito, kenako n'kupeputsa phunziro limene aliyense amaliopa, la njira zochitira kafukufuku ndi masamu owerengera zotsatira zake.

Komatu phunziro lodedwalo ndilo mtima wa digiri yonse, ndipo palibe nkhani imene imandionetsa bwino chifukwa chake kuposa ya anyamata a ku Cambridge ndi Somerville m'boma la Massachusetts. M'zaka za m'ma 1930 dokotala wina, Richard Cabot, anakonza ntchito yothandiza anyamata a m'mabanja ovutika kuti asalowerere. Anawaika awiriawiri, ofanana msinkhu, nzeru ndi makulidwe, kenako pa awiri alionse anaponya khobidi m'mwamba kuti aone amene alandire thandizo. Osankhidwawo anapatsidwa mlangizi wowayendera kunyumba kwa zaka pafupifupi zisanu, owathandiza pa maphunziro, chithandizo cha kuchipatala ndi mwayi wopita ku misasa ya achinyamata nthawi ya tchuthi. Enawo sanalandire kanthu. Patapita zaka 30, Joan McCord anafunafuna amuna aja, amene anali magulu awiri a anthu 253 gulu lililonse, ndipo zimene anafalitsa mu 1978 zinadabwitsa anthu: amene analandira thandizo ndiwo anapezeka ochuluka pakati pa opalamula kobwereza, zidakwa, odwala matenda a maganizo ndi omwalira asanakalambe.

Chimene chimandigwira mtima pankhaniyi si zotsatirazo zokha ayi. McCord atawafunsa amuna amene anathandizidwa, ambiri a iwo anayankha kuti ntchito ija inawapindulira, ndipo ena ankawakumbukira alangizi awo mwachikondi. Sankanama. Ankanena zimene anaona, koma palibe munthu amene angaone moyo umene akanakhala nawo chinthu china chikanapanda kuchitika. Cabot akanapanda kuponya khobidi lija, lipoti likanadzaza ndi maumboni okoma ndipo ntchitoyo ikanatchuka ngati chitsanzo chabwino. Aliyense amene wakhalapo pa msonkhano wounika ntchito za achinyamata kapena za m'ndende akudziwa kuti mpaka lero umboni umene umaperekedwa kawirikawiri ndi womwewu, wa munthu mmodzi woimirira kutsogolo n'kunena kuti moyo wake unasintha. Wophunzira amene wamaliza masitazi osamvetsa chifukwa chake umboni woterewu, ngakhale uli woona, sukwanira, sanaphunzire criminology.

Chinthu chachiwiri chimene digiri yabwino imamuchotsera munthu ndi chikhulupiriro chake pa ziwerengero za apolisi. Ndinakhalapo pafupi ndi wapolisi wina waudindo ndithu pamene ankalemba kafukufuku wake wa masitazi, ndipo mutu umene anabwera nawo unali wofuna "kuonetsa" kuti gulu lapadera limene iye anakhazikitsa linachepetsa umbava wothyola nyumba m'dera lake. Ziwerengero zinali kumbali yake, popeza milandu yolembedwa inatsikadi chaka chimene gululo linayamba ntchito. Mphunzitsi womuyang'anira sanamutsutse. Anangomupempha kuti atenge mabuku a pa kauntala, momwe amalemba aliyense wobwera kudzadandaula, awayerekeze ndi mafayilo a milandu imene inatsegulidwa. Bamboyo anatha masabata angapo akutembenuza masamba, chala chili pamzere uliwonse, magalasi atatsikira pamphuno, ndipo pang'ono ndi pang'ono anaona kuti madandaulo ambiri amene kale akanalembedwa kuti "kuthyola nyumba" tsopano ankalembedwa kuti "katundu wosowa" kapena "kuwononga chitseko", kuyambira mwezi womwe anyamata ake anauzidwa kuti chiwerengero chiyenera kutsika. Palibe amene anawalamula kuti aname. Anangomva chimene bwana akufuna.

Zimenezi si za dziko limodzi kapena za apolisi osauka okha. Mu 2014 bungwe loyendera apolisi ku England ndi Wales linapeza kuti pafupifupi milandu 19 mwa 100 iliyonse imene anthu anakanena kupolisi sinalembedwe, zomwe ndi milandu yoposa 800,000 pachaka, ndipo chaka chomwecho bungwe loona za ziwerengero m'dzikolo linachotsa ziwerengero za apolisi pa mndandanda wa zimene limazivomereza kuti n'zodalirika. Pamwamba pa milandu yosalembedwa pali ina yochuluka imene sikanenedwa n'komwe, makamaka ya nkhanza za m'banja ndi ya kugwiririra. N'chifukwa chake dziko la America kuyambira mu 1973, ndi Britain kuyambira mu 1982, anayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu wamba zimene zinawachitikira, kaya anakanena kupolisi kaya ayi. Kuphunzira kufunsa kuti chiwerengero ichi chinabadwa bwanji, anachilemba ndani, ndipo iyeyo akanapindula chiyani chikanakhala chachikulu kapena chaching'ono, ndi luso limene munthu salitola pamsewu.

Ndikudziwa zimene odziwa ntchito amanena akamva zoterezi, ndipo sindizipeputsa. Amati wophunzira wa m'kalasi sanagwirepo munthu wolusa, sanatsekulepo chipinda cha akaidi m'mawa, ndiye angawauze chiyani anthu amene ntchitoyo yawameretsa imvi. Mbali ina akunena zoona. Mu 1989 Lawrence Sherman ndi anzake atawerenga mafoni oposa 300,000 oitana apolisi mumzinda wa Minneapolis ku America, anapeza kuti theka la mafoniwo linachokera m'malo pafupifupi atatu okha mwa malo 100 alionse, ndipo wapolisi wakale aliyense akanatha kutchula ngodya zovutazo maso ali chitsinzinire. Apa kafukufuku anangotsimikiza zimene miyendo inkadziwa kale. Koma luso lomwelo linkanenanso kuti galimoto ya apolisi yongozungulirazungulira m'misewu imaopseza mbava, ndipo ndalama zambiri zinkathera pamenepo. Mu 1972 ndi 1973 apolisi a ku Kansas City anavomera kuyesa: m'zigawo zina anachotsa kulondera kwa masiku onse n'kumangopita akaitanidwa, m'zigawo zina anasiya momwe zinalili, ndipo kwina anachulukitsa magalimoto kawiri kapena katatu. Upandu sunasinthe mooneka, mantha a anthu sanasinthe, ndipo ambiri sanazindikire n'komwe kuti pasintha kanthu. Zaka za pantchito zimamuphunzitsa munthu zinthu zoona ndi zabodza nthawi imodzi, zonse n'kumamveka zoona mofanana, ndipo mwini wake sangathe kuzisiyanitsa popanda kuziyesa.

Chitsutso china ndi chakuthwa kuposa choyambachi, ndipo ndi chakuti akatswiri nawonso asocheretsapo anthu. Izi n'zoona, ndipo sukulu yoona mtima imaziphunzitsa poyera. Cesare Lombroso, dokotala wa ku Italy, mu 1876 anafalitsa ganizo lakuti chigawenga chimabadwa nacho chigawengacho ndipo chimadziwika ndi maonekedwe a chigaza ndi nsagwada. Panapita zaka zambiri mpaka mu 1913 pamene Charles Goring, atayeza akaidi pafupifupi 3,000 ku England n'kuwayerekeza ndi anthu wamba, anaonetsa kuti mtundu wotere wa munthu kulibe. Mu 1974 Robert Martinson, ataunika kafukufuku 231 wa ntchito zokonza khalidwe la akaidi, analemba nkhani imene anthu anaifupikitsa kuti "palibe chimene chimathandiza", ndipo andale anaigwiritsa ntchito podula maphunziro a m'ndende ndi kutalikitsa zilango. Mu 1979 iye mwini anabweza mawu ake n'kuvomereza kuti ntchito zina zimathandizadi, koma omumvera anali ochepa, madzi anali atatayika kale.

Nkhani imene ndimafuna wophunzira aliyense aidziwe bwino ndi ya ku Minneapolis komweko, kumene mu 1981 ndi 1982 Sherman ndi Richard Berk anayesa njira zitatu zimene wapolisi angatsate akaitanidwa pa nkhanza za m'banja: kumanga mwamunayo, kuwalangiza onse awiri, kapena kumuchotsa panyumba kwa maola angapo. Kumanga kunaoneka kuti kukuchepetsa kubwereza nkhanza, ndipo zotsatirazo zitatuluka mu 1984 madera ambiri ku America anafulumira kukhazikitsa lamulo lakuti wapolisi azimanga nthawi zonse. Mayesowo atabwerezedwa m'mizinda ina monga Omaha, Charlotte ndi Milwaukee, chithunzi chinasokonekera. Ku Milwaukee kumanga kunkawaletsa amuna amene ali pantchito, amene ali ndi chowataya, koma pakati pa amuna osagwira ntchito nkhanza zinkawonjezeka pambuyo pomangidwa. Sherman mwini anafika potsutsa malamulo okakamiza kumanga amene anayala maziko ake pa kafukufuku wake. Apa pali phunziro limene munthu wongowerenga mitu ya nkhani sangalipeze, lakuti zotsatira za mzinda umodzi si lamulo la dziko lonse lapansi. Ndipo ngati zinasiyana pakati pa mizinda iwiri ya m'dziko limodzi, nanga bwanji pakati pa mayiko? Mabuku ambiri a criminology amachokera ku America ndi ku Britain, kumene kuli mafoni oitanira apolisi, makompyuta osunga milandu ndi ndalama zotsatira anthu zaka 30. Wophunzira wa kwina kulikonse amene angonyamula zotsatirazo n'kukazithira kwawo wabwereza cholakwa cha mu 1984. Choyenera kunyamula ndi njira yofufuzira, kuti akayese yekha pa anthu ake ndi m'mabuku a kwawo.

Pali chinthu china chimene sichinenedwa kawirikawiri m'timabuku toitanira ophunzira, ndicho funso lakuti wofufuza za upandu amatumikira ndani. Mu 1939 Edwin Sutherland anauza akatswiri anzake kuti akhala akuphunzira za osauka okha chifukwa ndiwo amadzaza ndende, pamene anthu olemekezeka amaba ndi cholembera m'maofesi awo osatchedwa zigawenga. Anafufuza makampani akuluakulu 70 a ku America n'kupeza kuti onse anapezekapo olakwa pamaso pa makhoti kapena mabungwe oyang'anira malonda, koma buku lake litatuluka mu 1949 mayina a makampaniwo anali atachotsedwa poopa milandu, ndipo anabwezeretsedwa mu 1983, mwini wake atamwalira kalekale. Ku Berkeley, kumene Vollmer anafesa mbewu, sukulu ya criminology inatsekedwa mu 1976 pambuyo pa mkangano waukulu wokhudza aphunzitsi amene ankadzudzula apolisi ndi boma mosabisa. Lero kukakamiza kumabwera mwakachetechete. Ndende ndi apolisi ndiwo amasunga zitseko ndi mafayilo, kotero wofufuza amene awakwiyitsa chaka chino sadzalowanso chaka chamawa. Ndipo wophunzira amene fizi yake ikulipiridwa ndi bwana wake amadziwa, popanda womuuza, mtundu wa zotsatira zimene zingalandiridwe ndi manja awiri. Sindikunena kuti mgwirizano wa sukulu ndi apolisi ndi woipa. Institute of Criminology ya ku yunivesite ya Cambridge ku England, imene Leon Radzinowicz anaikhazikitsa mu 1959, imaphunzitsa akuluakulu a polisi masitazi ali pantchito pomwepo, ndipo ena a iwo amachita mayeso enieni m'madera awo. Koma mgwirizano wotere umapindula pokhapokha onse atagwirizana pachiyambi kuti zotsatira zidzalembedwa momwe zatulukira, kaya zikoma kaya ziwawa.

Choncho munthu akandifunsa za sukulu imene akufuna kulowa, sindiyamba ndi kutchuka kwa dzina lake. Ndimamufunsa ngati phunziro la njira za kafukufuku ndi la masamu lili lokakamiza kapena longosankha, ndipo ngati angathe kumaliza digiri yonse osagwirapo ziwerengero zosaphika ndi manja ake, ndimamuuza kuti aganizenso. Ndimamupempha awerenge zimene aphunzitsi a pamenepo alemba m'zaka zaposachedwa, aone ngati pali ngakhale mmodzi amene anafalitsapo kuti chinthu chimene ankachiyembekezera sichinagwire ntchito. Afunsenso amene adzamuyang'anire kuti ali ndi ophunzira angati, chifukwa mphunzitsi wosenza anthu ambiri sangakhale ndi nthawi yomutumiza munthu kukaona mabuku a pa kauntala. Za malamulo oteteza anthu ofunsidwa nazo si zongosainira fomu: mkaidi amene "wavomera" kufunsidwa woyang'anira ndende ali chilili pakhomo sanavomere kwenikweni, ndipo mayi amene wafotokoza za nkhanza akhoza kuphedwa ngati pepala lake litagwera m'manja olakwika. Za PhD ndingonena mwachidule kuti ndi ya munthu amene akufuna kuti kufufuza kukhale ntchito yake ya moyo wonse. Amene akufuna kuyendetsa bwino polisi kapena ndende, masitazi olimba amukwanira, ndipo zaka zina zinayi kapena zisanu zikhoza kungomuchotsa pamalo pamene akufunikira.

Wapolisi wa mabuku a pa kauntala uja anasintha mutu wa kafukufuku wake n'kulemba za mmene madandaulo amasinthira dzina akamachoka pa kauntala kupita mu fayilo. Anakhoza bwino, koma pa mutu womaliza anakangana ndi mphunzitsi wake kwa mwezi wathunthu, chifukwa iye ankafuna kulemba kuti gulu lake linalephera, pamene mphunzitsiyo ankaumirira kuti nazonso alibe nazo umboni, popeza ziwerengero zowonongeka sizingaonetse kupambana ndipo sizingaonetsenso kulephera. Mapeto ake analemba kuti sizikudziwika. Atabwerera kuntchito anasiya kuwauza anyamata ake chiwerengero chimene akufuna kuona, ndipo chaka chotsatira milandu yolembedwa ya kuthyola nyumba m'dera lake inakwera, zomwe anachita kukazifotokoza pamaso pa akuluakulu ake.